Khonde la Jumbe ndi Khonde la Mandala

Munthu wofika ku Nkhotakota ndi mtima wofuna kuona nyumba yakale, yoti aigwire khoma ndi dzanja lake nanena kuti iyi idaima pano m'masiku a Jumbe, amatsetsereka kuchokera pa boma kulowa mu Linga, napyola misika ndi mizikiti ndi madimba a mpunga kufikira mapazi ake aponda mchenga wa kunyanja, ndipo potsiriza pake eni mudzi, pomumvera chifundo, amamutengera pansi pa mtengo. Mtengowo ndi mkuyu waukulu umene uli pa mishoni, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, ndipo boma lidauwerengera pakati pa zinthu zotetezedwa ndi lamulo, pokumbukira kuti m'mthunzi mwake David Livingstone adakhala pansi ndi eni malonda a akapolo m'chaka cha 1863. Alendo ena amabwerera nkhope zitagwa, ati mudzi womveka chotere, umene azungu akale ankautama kuti ndi waukulu kuposa midzi yonse ya kuno, ungathe bwanji kulandira mlendo ndi mtengo m'malo mwa nyumba. Ine ndikuti aweruza msanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyumba ya zaka za m'ma 1800 ilipo ku Linga, koma siili pamalo amodzi pamene angakhomepo chikwangwani.

Tiyambe ndi nyumba imene Jumbe adaipeza. Makolo athu a m'mbali mwa nyanja, anthu a Malenga ndi a Kanyenda ndi ena onse okhala pakati pa Dwangwa ndi Chia, ankamanga nyumba yozungulira, ndipo mamangidwe ake ankadziwika kwa mwamuna aliyense monga momwe ankadziwira kusema mpini. Ankakhoma chikhomo pakati pa malo amene wasankha, namangirirapo luzi, nazungulira nalo akulemba pansi ndi kamtengo, ndipo mzere umenewo ndiwo udali muyeso wonse wa nyumbayo. Pamzerepo ankazika nsichi za mitengo yosafumbwa msanga monga muwanga, nazipana ndi mbaliro za nsungwi kapena za bango, nazimanga ndi luzi la mombo. Akazi ankatunga madzi, dothi nkupondedwa, makamaka la pachulu limene limagwira ngati ulimbo, ndipo chipupa chikamatidwa mkati ndi kunja, iwo ankazira pansi mpaka kusalala ngati mkati mwa mbiya. Denga ankalilukira pabwalo, mapaso onse akukomana pa nsonga imodzi, ndipo likatha ankamema amuna a pamudzi kuti alisenze ndi kulikhazika pa chipupa. Mwambi uja woti mutu umodzi susenza denga, umene ana athu amauloweza m'kalasi, udabadwira pa ntchito imeneyi, pamene munthu wosamvana ndi anzake ankatha kugona panja denga lake lili pansi. Pofolera ankayambira m'munsi kukwera kumwamba, mtolo wa udzu kuphimba mutu wa unzake, ndipo mapaso ankawasiya ataliatali kupitirira khoma, nawachirikiza ndi mizati ina yozungulira kunja. Pakati pa mizatiyo ndi khoma pankatsala malo amthunzi okwezeka pang'ono, ndiwo khonde, ndipo owerenga alisunge mumtima liwu limeneli, chifukwa tikomana nalo ku Linga, tikomana nalonso ku Blantyre.

Nyumba yotere inkadzisamala yokha m'njira zimene omanga a lero amazipeputsa. Mwera ukamawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti sunkapeza ngodya yoigwira, unkangoizungulira nkupita. Moto wa pakati pa nyumba unkatulutsa utsi wolowerera mu udzu, mwaye nkuphimba mapaso, kotero kuti tizilombo tofumbwa mitengo ndi udzudzu wa kunyanja zinkachepa mphamvu. Koma chinthu chachikulu chimene tiyenera kumvetsa ndi chakuti makolo athu sankamanga nyumba kuti ipitirire moyo wa mwini wake. Mwini nyumba akatisiya, mwambo wa maliro ukatha, nyumba yake ankaigwetsa. Ndipo maliro akachuluka pamudzi, kapena nthaka ikaguga, mudzi wonse unkanyamuka kukamanga pena, pakalepo nkusanduka bwinja lomera nsatsi ndi bonongwe. Zimene sankazikhudza ndi nkhwangwa zidali zina: msitu wa kumanda, mtengo wa pabwalo pamene milandu inkaweruzidwa, ndi mtengo wa nsembe umene patsinde pake ankathirapo ufa. Chikumbutso chawo chidali chamoyo, chomera masamba. Potero pamene eni mudzi atengera mlendo pansi pa mkuyu, sakumunyenga kapena kubisa umphawi wawo, akumuonetsa chinthu chimene mtundu wawo udali kuchisunga lamulo la boma lisanabadwe.

Cha m'ma 1840 kudafika kuno Mswahili wa kugombe la nyanja ya mchere, dzina lake Salim bin Abdallah, napempha malo kwa mfumu Malenga, napatsidwa. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba, ndipo amene adalowa m'malo mwake adasunga dzina laufumu lomwelo, nadzitcha nduna za Sultani wa ku Zanzibar, nakweza mbendera yake yofiira pa gombe lathu. Adasankha bwino malowo, pakuti mchenga wa Sungu umatchinga doko ku mafunde a mwera, ndipo kuchokera pano zombo za matanga, zimene iwo ankati madau, zinkaoloka kupita ku Losewa, kutsidya la kum'mawa, kumene njira ya pamtunda inkayambira kulinga ku Kilwa. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka mlendo uyu kadameta mbali ziwiri. Adabweretsa mpunga umene kufikira lero ndiwo ulemerero wa boma lino, adabzala mitengo ya ngole, adadza ndi Chisilamu ndi kulemba kwa Chiarabu. Adabweretsanso goli ndi unyolo. Livingstone adamva kwa Colonel Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, kuti akapolo 19,000 ochokera ku dziko la kunyanja kuno ankapyola pa nyumba ya msonkho ya pachilumbacho chaka ndi chaka, osawerengera amene adatsala m'njira, ndipo doko lathu lidali limodzi mwa makomo akulu amene anthuwo ankatulukira.

Pamene Livingstone adafika pano mu Seputembala 1863, adapeza Juma bin Saidi, mmodzi wa amalonda a pa dokoli, ndi anthu ake ali kalikiliki kukhoma chombo chatsopano cholowa m'malo mwa china chimene chidasweka, ndipo adachiyesa: mapazi 50 m'litali, 12 m'lifupi, 5 kuya kwake. Matabwa ake adali a mtumbati, umene ife timati mlombwa, ndipo nthiti zake zidali za msolo, mtengo womwe uja umene makolo ankathira nsembe patsinde pake. Nkhani ya chomboyi ndaitchula chifukwa cha nyumba. Anthu odziwa kucheka thabwa, kulisalaza ndi kasemasema, kuboola ndi kulumikiza mitengo iwiri kuti ikomane moongoka, ndi anthu amene angathenso kukhoma mphuthu ya khomo ndi chitseko cha matabwa, ndi kugoneka mgomba pamwamba pa mizati. Umisiri umene udapanga chombo ndi womwewo umene udapanga nyumba ya ngodya zinayi, ndipo zonse ziwiri zidatsikira pa doko limodzi.

Nyumba ya Chiswahili, monga imamangidwira kugombe kwawoko ndi monga idafalikira m'midzi ya malonda ya kumtunda, imayamba ndi zikhomo zinayi ndi chingwe. Makoma ake ndi a nsichi ndi mbaliro ndi dothi, osasiyana kwenikweni ndi athu, koma pakati pamaima mizati yaitali yonyamula mgomba, ndipo kuchokera pa mgombapo mapaso amatsetsereka mbali zonse zinayi. Denga lotere silingalukidwe pansi ndi kusenzedwa. Limamangidwa pomwepo, m'mwamba, ndi munthu wodziwa, ndipo kuyambira pamenepo kumanga nyumba kudayamba kuchoka m'manja mwa mudzi wonse kulowa m'manja mwa mmisiri wolipidwa, amene iwo ankamutcha fundi. Kumaso kuli khonde lalitali lokwezeka, limene Aswahili amati baraza. Khomo lili pakati, ndipo kuchokera pakhomopo kanjira kamapyola nyumba yonse, zipinda uku ndi uku, kukatulukira pa bwalo la kuseri lotchingidwa ndi mpanda, kumene kuli kophikira ndi kosambira, kumene akazi amagwira ntchito zawo osaonedwa ndi odutsa.

Tsono taonani kusiyana kwa mitima kumene kwabisala m'kusiyana kwa makoma. Munthu woima pakhomo pa nyumba yozungulira amaona zonse zili m'katimo ndi diso limodzi, mphasa, mitsuko, mkondo wotsamira khoma ndi mwana wogona. Chuma cha banja chili panja, m'nkhokwe ndi m'khola, poyera pamene mudzi wonse ukuona. Nyumba ya zipinda ili ndi kuseri ndi kumaso, ili ndi malo a mlendo ndi malo amene mlendo safikako, ndipo chitseko chake cha matabwa chimalandira loko, pamene chathu cha bango chinkangofuna mpiringidzo woletsa fisi. Munthu samanga chipinda chotseka ngati alibe chotsekeramo, ndipo ku Linga zotsekeramo zidalipo: minyanga ya njovu yodikira chombo, mitumba ya nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Khonde lakumaso nalo lidasintha ntchito. Kwa ife milandu ndi nkhani za mudzi zinkakambidwa pabwalo, pansi pa mtengo umene suli wa munthu mmodzi. Kwa Jumbe zidasamukira pa baraza, pakhomo pa mwini chuma, pamene iye ankakhala pa mkeka wake, ofuna nsalu ndi ofuna chitetezo ndi ogulitsa anzawo nkumadza kudzagwada m'munsi mwa khonde. Sindikunena izi kuti ndinyoze nyumbayo, pakuti ndi yabwino, yozizira ndi yopatsa banja ulemu. Ndikungoti tisaiwale zimene zidayamba kusungidwa m'zipinda zake.

Nanga idafalikira bwanji? Masiku amenewo adali a nkhondo, Angoni akutsika kuchokera kumapiri kudzafunkha midzi, ndipo anthu ambiri adathawira kwa Jumbe chifukwa iye adali ndi mfuti. Dzina lenilenilo la Linga m'chinenero chathu ndi mpanda wa nkhondo. Anthu akapanikizana mkati mwa mpanda, nyumba za ngodya zimayalana bwino m'mizere kusiyana ndi zozungulira, ndipo amene adalowa Chisilamu, navala mkanjo ndi kofiya, adafunanso kugona monga agonera aphunzitsi awo. Zomwezi zinkachitika kutsidya: pamene Livingstone adafika ku Mwembe m'chaka cha 1866 adapeza kuti mfumu Mataka ya Ayao idayamba kale kumanga nyumba za ngodya zinayi motsanzira Aluya. Kotero amene amaphunzitsa ana kuti nyumba ya ngodya zinayi idabwera ndi azungu akulakwira mbiri, makamaka mbiri ya kunyanja kuno, kumene idafika ndi matanga sitima ya moto isanaoneke. Sitima yoyamba, Ilala, idalowa m'nyanja yathu mu 1875, Jumbe atakhazikika kale zaka pafupifupi makumi atatu.

Kuti tione nyumba yogonamo anthu ya nthawi imeneyo imene idakalipo chiimire, ndipo lamulo likuiteteza, tiyenera kusiya nyanja pang'ono ndi kukwera ku Blantyre, pa chitunda cha Mandala. Mu 1878 amalonda a ku Glasgow adakhazikitsa kampani imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina la African Lakes, natuma abale awiri, John ndi Frederick Moir, kuti adzaiyendetse. John ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake adamutcha Mandala, dzinalo nkufalikira pa nyumba yake, pa chitunda chonse, ndi pa masitolo a kampaniyo m'dziko lonse, kotero kuti agogo athu ankati ndikupita kwa Mandala ngakhale ali kutali ndi Blantyre ulendo wa masabata. Nyumbayo idamangidwa mu 1882, ndipo imawerengedwa kuti ndiyo yakale kuposa nyumba zonse za mamangidwe a chizungu zimene zatsala m'Malawi. Ndi ya nsanjika, chinthu chimene anthu a nthawi imeneyo adachiona ngati malodza, kuti munthu agone pamwamba pa mutu wa mnzake. Idali nyumba ya akulu a kampani, yozingidwa ndi nkhokwe za katundu ndi mpanda wolimba, pothawirapo azungu pa nthawi ya mantha. Ndipo mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe adadza usiku pa malo omwewa kudzathyola mosungira mfuti. Lero m'zipinda zam'mwamba muli mabuku ndi zolembedwa zakale za bungwe la Society of Malawi.

Chodabwitsa pa nyumba imeneyi, kwa ine mwana wa kunyanja, ndi chakuti idamangidwa ndi dothi, njerwa za dothi la pomwepo zomangidwa ndi matope, popanda simenti imene ife lero timaiyesa mayi wa kulimba konse. Yapyola mvula za zaka zoposa 140, pamene nyumba zambiri za simenti zomangidwa dzana zang'ambika kale. Chinsinsi chake chili poyera kwa aliyense woima pabwalo pake: makoma ake ndi ochindikala, ndipo makonde otakata, lina pansi lina pamwamba, amawafunditsa monga nkhuku ifungatira anapiye ake. Mdani wa khoma la dothi si mvula yogwa kumwamba yokha ayi, koma makamaka madzi otsika padenga amene amamenya pansi nathovukira patsinde pa khoma, nalidya pang'onopang'ono kufikira nyumba itagwada. Khonde limataya madziwo kutali ndi tsinde. Limaletsanso dzuwa kuwomba khoma, kotero kuti dothi lochindikalalo limasunga kuzizira kwa usiku mpaka masana. Azungu aja adaphunzira nzeru imeneyi ku India ndi ku maiko ena otentha, Aswahili adadza nayo kuchokera kugombe, makolo athu adali nayo kale pa nyumba yawo yozungulira. Mitundu itatu yosiyana chinenero ndi chipembedzo, imene inkakayikirana ndi kumenyana, idagwirizana pa chinthu chimodzi ichi chifukwa mphunzitsi wawo adali mmodzi, ndiye mvula ya Januwale ndi dzuwa la Okutobala.

Pakati pa khonde la Jumbe ndi khonde la Mandala padali ubale wina umene mabuku a sukulu sakonda kuutchula. Kampaniyo idadza ndi mawu akuti malonda oyera adzapha malonda a akapolo, koma chuma chimene chinkalipira sitima zake chidali minyanga, ndipo minyanga yambiri inkagulidwa kwa Aswahili omwewo. Mnyanga umene udagona m'chipinda chamdima m'mudzi wa kunyanja unkatha kukagonanso m'nkhokwe ya pa Mandala usanatsike Shire kupita kunyanja ya mchere. Ubalewo udasanduka nkhondo ku Karonga mu 1887, pamene kampani idalimbana ndi Mlozi, Mswahili wa malonda a akapolo, ndipo abale onse awiri a Moir adavulala pa nkhondo imeneyo. Jumbe wa nthawiyo, Tawakali Sudi, adali wochenjera kuposa Mlozi: mu 1889 adapangana pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya Britain, nalola kulandira ndalama chaka ndi chaka m'malo mwa msonkho umene ankatolera pa doko. Mu 1891 dziko lidalowa m'manja mwa Britain. Mu 1894 Tawakali Sudi adamwalira, ndipo amene adalowa m'malo mwake sadakhalitse, adachotsedwa natumizidwa ku Zanzibar. Mlendo ndi mame, adatero akale. Ufumu wa a Jumbe udakamuka patangopita zaka ngati makumi asanu, ndipo nyumba zawo za mitengo ndi dothi, zitasowa wozifolera, zidatsata njira ya nyumba zonse zotere. Chatsala ndi manda awo ndi zotsalira za mzikiti wakale.

Chaka chomwecho cha 1894 amishoni a UMCA, amene adali atakhazikika kale pa chilumba cha Likoma kuyambira 1885, adatuma wansembe Arthur Fraser Sim kudzatsegula mishoni pakati pa mudzi wa Asilamu, ndipo iye adangokhala chaka chimodzi namwalira. Chaka cha 1895 chidali cha misozi kwa iwo. Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London kukhala bishopu wa Likoma, adamira m'nyanja pa 2 Seputembala, namondwe atagubuduza ngalawa imene adakwera pobwerera ku ntchito yake, ndipo mtembo wake utapezeka adadzauika kuno ku Nkhotakota, kumene manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Apa padakomana miyambo iwiri yotsutsana. Ife tinkagwetsa nyumba chifukwa munthu wafa. Iwo adaimika nyumba pamwamba pa wakufa, kuti dzina lake likhale pamene khoma likhala. Maganizo akuti nyumba ingathe kukhala chikumbutso, ndi kuti mbadwo wina uli ndi mangawa oisamala ngakhale sudaimange, adalowa m'dziko muno ndi anthu amenewa, pamodzi ndi chikombole, uvuni wa njerwa, mulingo wa madzi ndi chingwe cholungamitsira khoma. Anyamata ophunzira pa mishoni adatuluka ali amisiri a njerwa ndi a matabwa, ndipo ntchito ya manja a anthu otere ikuoneka pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndi pa tchalitchi chachikulu cha St Peter ku Likoma chimene chidayambika mu 1903. Boma la atsamunda nalo lidaiona nyumba ndi diso lake: lidaiwerenga, naiikira msonkho.

Lamulo limene limateteza zinthu zakale masiku ano, Monuments and Relics Act la 1990, lidatengera maganizo omwewo, ndipo mu 2011 Malawi adapereka ku UNESCO mndandanda wa malo a njira za akapolo ndi maulendo a Livingstone, Nkhotakota ili pomwepo, kuti adzaganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Nzabwino zimenezi, ndipo ndikadakonda kuti manda a a Jumbe ndi mzikiti wakale zisamalidwe ndi changu chimene Mandala imasamalidwa nacho, popeza mbiri yowawa ndi mbiri ndithu, ndipo zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa zikumwa madzi a chitsime chimodzi m'mudzi uno. Koma lamulo limadziwa kuteteza chinthu chokhala pamalo amodzi, chimene angachiyese ndi kuchilemba m'kaundula. Silidziwa chochita ndi nyumba imene imafa zaka khumi ndi zisanu zilizonse ndi kubadwanso pambali pake m'maonekedwe omwewo. Yendani m'tinjira ta mu Linga madzulo, kapena m'midzi ya m'mbali mwa msewu wopita ku Chia, ndipo mudzaiona: ngodya zinayi, denga lotsetsereka mbali zonse, khomo pakati, mpanda wa bango kuseri, ndi khonde lokwezeka kumaso pamene akuluakulu a kofiya akhala mozungulira bawo. Makoma ake mwina ndi a mdindo, mwina a zidina, mwina a njerwa zootcha, ndipo mwini wake akafunsidwa adzati ndi nyumba ya makolo, osadziwa kuti agogo a agogo ake adaiona koyamba ikumangidwa ndi alendo a pa doko.

Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachititsa msonkhano wake waukulu kuno ku Kota Kota, monga ankalembera azungu, ndipo Dr Banda, amene adapatsidwa pamsonkhanopo utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse, adakhala zaka zambiri pambuyo pake akubwereza kuti anthu ake ayenera kukhala ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Anthu adamva, ndipo nyumba yosadontha idasanduka nyumba ya malata. Palibe wolira udzu amene adagonapo usiku wa mvula akusuntha mphasa uku ndi uku, ndipo ine sindili pakati pa iwo amene amatama umphawi wa anzawo ali m'nyumba ya siling'i. Chimene ndikudandaula ndi china. Lata ndi lodula, ndipo womanga akawerenga ndalama zake, chinthu choyamba kuchidula ndi khonde. Denga limathera pa khoma penipeni ngati chipewa chosakwana mutu. Zaka zitatu zisanathe tsinde la khoma layamba kudyeka, mwini nyumba nkumati njerwa za masiku ano nzosalimba, ndipo mu Novembala, nyanja ikakhala bata ndi mpweya utaima, banja lonse limatulutsa mphasa kukagona pabwalo chifukwa m'nyumba mwasanduka uvuni.

Ndidaimapo tsiku lina kuonerera mmisiri wachikulire akuyamba nyumba kufupi ndi doko. Adakhoma zikhomo zake zinayi, nakoka chingwe kuchokera pa ngodya ina kudutsa pakati kufika pa inzake yopenyana nayo, nachita chimodzimodzi mbali inayo, nasuntha chikhomo chimodzi pang'ono kufikira zingwe ziwirizo zitalingana. Atatha adayesa mapazi asanu kuchokera pa mzere wakumaso, nakhomanso zikhomo zina. Mwini nyumba, mnyamata wogulitsa usipa amene adali atawerenga kale malata ake, adafunsa kuti zimenezo nzachiyani, ndipo mkuluyo, osadzutsa mutu, adati ndi pokhala alendo.